Miyala ya mu impso: momwe munthu amafikira ku thiyeta, ndi kachubu kamene amakusiyira mkati

Anthu ambiri akamva kuti wina ali ndi miyala mu impso amayamba kuimba mlandu mpunga wosasankha bwino kapena nyemba zamchenga, ena mpaka amati munthuyo ankadya dothi ali mwana. Ayi ndithu. Mwala umene wameza ndi nsima umadutsa m'matumbo nkutuluka ndi chimbudzi, kuimpso sufikako. Mwala wa mu impso umapangika momwemo kuchokera mu mkodzo weniweniwo. Impso ziwiri zija tsiku lililonse zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180 kuchokera m'magazi, ambiri zimabwezera m'thupi, nkutsala lita imodzi ndi theka kapena awiri amene timakodza, ndipo mu madzi ochepa amenewo ndi momwe muli mchere ndi zinyalala zonse zimene thupi likutaya. Madziwo akachepa kwambiri zinthu zija zimayamba kuundana, timibulu tosaoneka ndi maso timagwirana, pakapita miyezi kapena zaka wasanduka mwala.

Miyalayi si yamtundu umodzi ndipo izi nzofunika kuzidziwa chifukwa chithandizo chake chimasiyana. Pafupifupi miyala 8 mwa 10 iliyonse imakhala ya calcium, makamaka calcium yosakanikirana ndi oxalate, chinthu chopezeka m'zakudya zina monga masamba. Ina ndi ya uric acid, asidi amene thupi limataya mu mkodzo, miyala imeneyi imakonda anthu odwala gout, matenda otupitsa mfundo za mafupa, a shuga ndi onenepa kwambiri. Ina amaitcha struvite, imeneyi imabwera ndi matenda a m'njira ya mkodzo obwerezabwereza, imakonda amayi, ndipo imakula msanga mpaka kudzaza mkati monse mwa impso. Womaliza ndi wa cystine, wosowa, wachibadwa cha kumtundu. Komanso tisasokoneze ndi miyala ya mu ndulu, imeneyo ndi nkhani ya pachiwindi, dokotala wake ndi wina opaleshoni yakenso ndi ina.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti mwala ukhoza kukhala mu impso zaka osapweteka ngakhale pang'ono. Mavuto amayamba ukasuntha nkulowa mu kanjira kamene kamatenga mkodzo kuchoka ku impso kupita ku chikhodzodzo, madokotala amakatcha ureter. Kanjiraka nkotalika masentimita 25 mpaka 30 koma mkati mwake muli mamilimita atatu kapena anayi basi. Nde mwala ukakakamira mmenemo zimakhala ngati ngalande yotsekeka ndi mapepala nthawi ya dzinja, madzi akubwerabe kuchokera kumtunda koma kotulukira kulibe, impso imayamba kutupa ndipo kanjira kaja kamafinya mwamphamvu kufuna kukankha mwalawo. Ululu umachokera pamenepo. Mwala wawung'ono wa mamilimita anayi ukhoza kumugubuduza munthu pansi pomwe wina ali ndi chimwala cha masentimita awiri chokhala phee mu impso akuyenda bwinobwino.

Achimwene anga amayendetsa thiraki, njira yawo ndi ya ku Beira kudutsa pa Mwanza ndi Tete, ndipo amene anadutsako ku Tete mwezi wa Okutobala akudziwa kutentha kwake. Madalaivala ambiri samwa madzi dala kuopa kuimaima panjira, thukuta likutuluka tsiku lonse, chakudya chake ndi chipisi ndi nyama yootcha yothira mchere wambiri, kenako botolo la zoziziritsa kukhosi. Iwo anakhala choncho zaka zambiri. Tsiku limene ululu wa mwala unawagwira anali kunyumba mwamwayi, alamu anandiimbira usiku akuti bwerani msanga achimwene anu sakupeza bwino, ndinawapeza atagwada pansi mutu ali pampando, kenako aimirira, kenako agona chammbali, kenako adzukanso, thukuta lili kamukamu, asanza kawirikawiri. Ndikuwafunsa kuti achimwene pakupweteka ndi pati, iwo akungogwira kumanzere kumsana pansi pa nthiti nkutsetsereka ndi dzanja kupita pachinena. Pambuyo pake adokotala anatiuza kuti kusakhazikika kumeneko ndi chizindikiro pachokha, munthu wa apendikisi amagona duu kuopa kugwedezeka, koma wa mwala sapeza kakhalidwe kalikonse komupatsa mpumulo.

Kuti matendawa adziwike pamatenga kanjira ndithu, chifukwa kwathu kuno munthu ukasanza nkumva msana choyamba ndi kuyeza malungo, ndipo nzoyenera kutero. Malungo sanapezeke. Atayeza mkodzo anapeza muli magazi ngakhale ndi maso sankaoneka, nde funso lotsatira linali lakuti bambo munakhalako kunyanja kapena mumasamba mumtsinje, chifukwa likodzo nalonso limatulutsa magazi mu mkodzo ndipo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi tinjira tomwe tija mpaka impso kutupa. Kusiyana kwake nkwakuti magazi a likodzo amakonda kubwera kumapeto pokodza ndipo sakhala ndi ululu wogubuduza chonchija. Kwa amayi amayezanso mimba kaye chifukwa mimba yokhala panja pa chiberekero imapweteka mofanana ndipo imapha msanga.

Kenako sikani. Ija yopaka mafuta pamimba ndi imene imapezeka m'zipatala zambiri, imaonetsa bwino ngati impso yatupa komanso miyala imene ili mu impso momwemo, koma mwala umene uli pakati pa kanjira kaja nthawi zambiri siiwuona chifukwa matumbo amatchinga. Ekisire imaonetsa miyala ya calcium koma wa uric acid suoneka. Imene imanena zoona zake zenizeni ndi CT sikani, imakuuza kukula kwa mwala, pamene wakakamira ndi kulimba kwake, vuto lake imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha ndipo kwa olipira ndi ndalama yoti banja likhale pansi kusonkherana. Ifenso tinasonkherana. Inaonetsa mwala wa mamilimita 9 kumanzere chakumtunda kwa kanjira, impso yotupa kumbuyo kwake.

Nambala imeneyo ndi imene imalamula zambiri. Mwala wosapitirira mamilimita 5 nthawi zambiri umatuluka wokha, umangopatsidwa mankhwala a ululu, kumwa madzi ndi kudikira. Pakati pa 5 ndi 10 ndi mwayi, ena umatuluka ena ayi. Ukapitirira 10 kawirikawiri sutuluka wokha. Pothandizira amapereka tamsulosin, mankhwala amene abambo achikulire ovutika ndi prostate amawadziwa, amafewetsa minofu ya kanjira kaja kuti mwala utsetsereke, amathandiza kwambiri mwala ukakhala chakumunsi kufupi ndi chikhodzodzo. Pa ululu diclofenac amagwira bwino ntchito kuposa mankhwala ambiri, komatu apa ndichenjeze, diclofenac ndi brufen amene timangogula pa famase nkumameza ngati maswiti ndi oopsa kwa munthu amene impso zake zafooka kale, amene ali ndi impso imodzi, wa zilonda za m'mimba kapena amene wasanza mpaka madzi kutha m'thupi. Dokotala ayeze kaye magazi aone mmene impso zikugwirira ntchito.

Kudikira kuli ndi malire ake, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, osapitirira. Ndipo apa ndi pamene ndikufuna anthu amvetsetse chifukwa ndi pamene ambiri amataya impso osadziwa. Ululu ukasiya sizitanthauza kuti mwala watuluka. Impso ikatsekeka nthawi yayitali imayamba kuchepetsa mkodzo umene ikupanga, kufinya kuja kumachepa, munthu nkumati ndachira, pomwe mkatimo impso ikufota pang'onopang'ono, ndipo poti inzake ikugwira ntchito munthu amakodza bwinobwino osazindikira kanthu. Pamene adzapite kuchipatala patapita chaka amauzidwa kuti impso imodzi inafa kalekale. Nchifukwa chake zimandiwawa ndikamaona malonda a pa WhatsApp ndi pa Facebook a mankhwala azitsamba akuti amasungunula miyala m'masiku atatu. Munthu amamwa, ululu usiya pawokha monga umachitira, iye nkupereka umboni kuti zathandiza, sikani yotsimikizira osapanga. Mwala wa calcium susungunuka ndi chakumwa chilichonse, kaya ndi zitsamba, kaya Coca-Cola, kaya mowa umene ena amati umatsuka impso. Umene umasungunukadi ndi wa uric acid, ndipo umatero ndi mankhwala a kuchipatala monga potassium citrate ochepetsa asidi mu mkodzo, kwa masabata angapo, dokotala akuyeza. Ngati simunauone mwala ndi maso anu utatuluka, bwererani mukajambulitse. Achimwene anauzidwa kuti azikodzera mu kachitini nkusefa ndi kansalu koyera kuti mwala ukatuluka auone.

Pali nthawi ina imene kudikira kulibe nkomwe. Munthu wa mwala akatentha thupi ndi kunjenjemera, imeneyo ndi ngozi ya usiku womwewo. Zikutanthauza kuti mkodzo wotsekeredwa uja walowa tizilombo, mafinya akuunjikana mu impso ndipo akhoza kulowa m'magazi munthu nkufa m'maola ochepa, ma antibayotiki okha sakwanira chifukwa safika bwino mu impso yotsekeka. Kwathu kuno choopsa nchakuti kutentha thupi ndi kunjenjemera aliyense amati ndi malungo nkuyamba kumwa LA kunyumba. Mu wodi imene achimwene anagona munali bambo wina wachikulire amene anabwera choncho, anamuboola kumsana nkulowetsa kachubu molunjika mu impso, kathumba kali lende pambali pa bedi, zimene zinkatuluka mmenemo zinali zoyera mbuu zokhuthala, sizinkaoneka ngati mkodzo. Mwala sanaukhudze tsiku limenelo, anati choyamba ndi kutsegula njira kuti mafinya atuluke, mwalawo adzauchotsa matenda akatha. Chimodzimodzi munthu amene wasiyiratu kukodza, amene ali ndi impso imodzi, kapena amene akusanza osasunga ngakhale madzi, asadikire kuti kuche.

Kwa achimwene mwala sunasunthe, sikani yachiwiri inaupeza pomwe paja, nde adokotala anati bambo tiuchotse. Atamva mawu akuti opaleshoni nkhope inagwa, iwo mmutu mwawo munali mpeni ndi chilonda chachitali cha m'nthiti chimene anachionapo pa anthu akale. Opaleshoni yong'amba ija ilipobe ndipo ikuchitikabe kumene zipangizo zatsopano kulibe kapena mwala ukakhala wovuta kwambiri, imagwira ntchito, kungoti munthu amakhalitsa m'chipatala ndipo kuchira kwake kumatenga masabata ambiri. Koma masiku ano njira zazikulu ndi zitatu ndipo zonse zinabwera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980.

Ina ndi yophwanya mwala ndi mafunde amphamvu ochokera kunja kwa thupi, osaboola paliponse. Inayamba ku Munich ku Germany mu 1980, makina ake anapangidwa ndi kampani ya Dornier imene ntchito yake yeniyeni inali yopanga ndege, ndipo odwala oyambirira ankawamiza mu bafa la madzi. Pano umangogona pa tebulo makina nkumagunda kambirimbiri pamalo amodzi mpaka mwala kusweka, kenako zidutswazo uzikodza wekha kunyumba, zomwenso zimapweteka. Imayenda bwino pa miyala yaing'ono ndi yofewerapo, pa yolimba kwambiri kapena kwa munthu wonenepa imakanika ndipo nthawi zina umabwereza, kwa mayi woyembekezera siyololedwa. Ina ndi yoboola kabowo kakang'ono kumsana nkulowetsa chipangizo mpaka mu impso, madokotala a ku Sweden ndi amene anaifotokoza koyamba mu 1976, imeneyi ndi ya miyala ikuluikulu yopitirira masentimita awiri ndi ija yodzaza impso yonse, ndi yamphamvu koma ngozi yotaya magazi ndi yokulirapo ndipo umagona m'chipatala masiku angapo.

Yachitatu ndi imene anachitidwa achimwene, ureteroscopy. Palibe kucheka paliponse. Amalowetsa kachipangizo kowonda kokhala ndi kamera ndi nyale kudzera pokodzera penipeni, kudutsa m'chikhodzodzo, kukwera mu kanjira kaja mpaka kuuona mwala pa sikirini, kenako amadutsitsa kaulusi ka leza nkuuphwanya kukhala tizidutswa kapena fumbi, tizidutswa tokulirapo amatikola ndi kadengu ka waya nkutitulutsa. Nditawafotokozera kuti adzadzera pokodzera anakhala chete kanthawi kenako anati iwe, bola angondicheka. Abambo ambiri amaopa pamenepa ndipo ena amathawa chithandizo chifukwa cha manyazi ndi mantha akuti mphamvu za m'banja zitha. Sizikhudzana. Njira imene chipangizocho chimadutsa ndi ya mkodzo, ndipo nthawi yonseyo munthu amakhala atagonetsedwa kapena atabayidwa jakisoni wa pamsana woziziritsa thupi kuyambira m'chiuno kutsika. Vuto lenileni ndi lakuti madokotala a njira ya mkodzo m'dziko muno ndi owerengeka ndipo zipangizo za leza sizipezeka chipatala chilichonse, nchifukwa chake ena amadikira nthawi yayitali pa mndandanda, ena amagulitsa katundu kupita kolipira, ena mpaka ku India kapena ku South Africa.

Tsiku la opaleshoni lisanafike anayezanso mkodzo kuona ngati mulibe tizilombo, chifukwa kulowetsa chipangizo mu mkodzo wa matenda ndi kukankhira tizilomboto m'magazi. Anayeza magazi, BP ndi shuga. Dokotala wogonetsa anabwera madzulo ndi mafunso ake, munagonetsedwapo kale, pali mankhwala amene amakuwengani, muli ndi dzino logwedera, mumasuta, mumamwa aspirin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi. Apa musabise kanthu ngakhale zitsamba zimene mwakhala mukumwa, neneni. Anasaina fomu atawauza zimene zikhoza kulakwika, kutuluka magazi, matenda, kukalika kapena kubooka kwa kanjira, komanso chinthu chimene ambiri sachimva bwino, chakuti nthawi zina kanjira kamapezeka kothina kwambiri chipangizo osadutsa, nde amangoika kachubu nkukudzutsa, nkudzabwereza patapita sabata kapena awiri kanjira katafutukuka. Zikatero sikuti dokotala walephera ntchito, kukakamiza ndi kumene kumang'amba kanjira. Kuyambira pakati pa usiku sanadye kanthu.

Ine monga gadiyani ndinatsala pa benchi panja ndi alamu, tili ndi chitenje, fulasiki ya phala ndi foni zawo. Opaleshoni yeniyeniyo siitenga nthawi, ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, chimene chimatalikitsa ndi kudikira kuti munthu atsitsimuke. Atawabweretsa mu wodi, maso ali olemera, dripu ili pamkono, chinthu choyamba anayamba kupapasa m'mbali kufuna bandeji, osaipeza, nkundifunsa kuti kodi apanga kapena alephera. Anesi anaseka nkuti bambo zatheka, mwala wanu uwu, nkuwapatsa kabotolo. Munali tizidutswa tinayi kapena tisanu tofiirira moderapo, tokhakhala, tosongoka m'mbali, tonse pamodzi sitikanadzaza ngakhale chivindikiro cha botolo. Alamu anakayang'ana kabotoloko nthawi yayitali osanena kanthu. Anali ndi kathita, paipi yotulutsa mkodzo kupita m'thumba, usiku umenewo, mkodzo wa m'thumba unali wofiira ndithu ndipo ine ndinachita mantha nkukaitana anesi, iwo anati magazi ochepa amafiiritsa madzi ambiri, chimene akuyang'anira ndi magazi oundana otseka chubu ndi kutentha thupi. Kutacha anachotsa kathita, anesi nkumabwerabwera kufunsa kuti bambo mwakodza, chifukwa satulutsa munthu asanakodze yekha. Kukodza koyamba kunawotcha kwambiri, anatuluka kuchimbudzi akupukuta misozi.

Tsopano nkhani ya kachubu, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa opaleshoni yeniyeniyo. Akamaliza kuphwanya mwala kanjira kaja kamakhala kotupa ndipo kakhoza kutsekekanso, nde nthawi zambiri amasiyamo kachubu kofewa ka pulasitiki kochokera mu impso mpaka m'chikhodzodzo, kopindika mbali zonse ziwiri kuti kasatsetsereke. Amakatcha stent, kapena double J, ndipo kakhala kakugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1978. Kunja sikaoneka, munthu amapita kunyumba ali nako mkati. Achimwene anauzidwa za kachubuka koma mmene kamavutira sanayembekezere. Mbali imene ili m'chikhodzodzo imakhudza khoma lake nthawi zonse nde umangomva mkodzo, kupita kuchimbudzi kutuluka madontho, kubwerako wamvanso. Pokodza mkodzo wina umakwera mu kachubuko kubwerera ku impso nde umamva kukoka kumsana mbali yomweyo imene inkapweteka ija. Akayenda kamtunda kapena kunyamula chinthu mkodzo umafiiranso. Anandiimbira foni akuti iwe ndikuona ngati anthu aja anasiyamo mwala wina, ndipo anali okhumudwa zedi poti ndalama zinali zitapita. Titafunsa adokotala anati zonsezo ndi za kachubu, anawonjezera tamsulosin ndi mankhwala a ululu nkuti azimwa madzi ambiri, koma akatentha thupi, akalephera kukodza kapena magazi akamatuluka oundana abwere nthawi yomweyo. Kuntchito sanapite nthawi yonseyo, thiraki ndi mabampu ake kuphatikiza kuimaima kukodza sizikanatheka, ndipo kwa munthu wolipidwa paulendo zimenezi ndi ndalama inanso yotayika imene palibe amaiwerengera pokonzekera opaleshoni.

Kachubuka kayenera kuchotsedwa. Ndikubwereza dala chifukwa alipo anthu amene amatuluka m'chipatala osamva bwino kuti muli chinthu mkati, kapena anamva koma kwawo nkutali, thiransipoti yavuta, thupi lazolowera, nkungokhala. Kachubu kokhalitsa miyezi yambiri kamayamba kumera miyala pakokha mbali zonse, kamabweretsa matenda, kakhoza kuduka, ndipo kukachotsa pamenepo kumafuna maopaleshoni akuluakulu kuposa woyamba uja, ena mpaka impso kuwonongeka. Ndipo tikudziwa tonse kuti makina a dialysis, osefa magazi impso zikasiya kugwira ntchito, m'zipatala za boma ndi ochepa, amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queens ku Blantyre, sipoyenera kuseweretsa impso ngakhale imodzi. Gadiyani aliyense potuluka afunse momveka kuti adokotala mwasiyamo kachubu kapena ayi, tidzabwere liti kudzachotsa, ndipo tsikulo lilembedwe mu buku la kuchipatala lija komanso mu foni. Kuchotsa kwake nkosavuta, amathira mankhwala oziziritsa pokodzera, kulowetsa kakamera, kukagwira nkukoka, mphindi zochepa basi munthu ali maso. Timachubu tina timakhala ndi kaulusi kotulukira kunja kongokoka. Achimwene anati kunali kosasangalatsa koma kwachangu, tsiku limenelo kukodza kunawotchabe, patapita masiku ochepa kumva mkodzo pafupipafupi kuja kunatha.

Kuchotsa mwala sikuchotsa chimene chinaupanga. Pafupifupi theka la anthu amene anadwalapo amadzapanganso wina pasanathe zaka 10 ngati sasintha kanthu. Tizidutswa tija ngati nkotheka tipite ku labu akaone mtundu wake, chifukwa malangizo a chakudya amatengera pamenepo. Choyamba kwa aliyense ndi madzi, okwanira kuti uzikodza malita awiri mpaka awiri ndi theka patsiku, kutanthauza kumwa pafupifupi atatu, ndipo kwa munthu wa ku Nsanje, Chikwawa kapena kunyanja, wolima padzuwa, wa kabaza, woumba njerwa, dalaivala, afunika oposa pamenepo chifukwa ambiri akuthera mu thukuta. Poyezera pake ndi mtundu wa mkodzo, ukhale woyera osati wachikasu choderapo. Kufinyiramo ndimu kumathandiza chifukwa citrate amene ali mu ndimu amalepheretsa timibulu kugwirana. Chachiwiri ndi mchere, ukachuluka impso zimataya calcium wambiri mu mkodzo, bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono, kuphatikiza uja uli kale mu nsomba zouma, soseji ndi timakyubu tokometsera ndiwo.

Pa calcium ndi pamene anthu amalakwitsa mowona mtima. Akamva kuti mwala wawo ndi wa calcium amasiya mkaka ndi zina zotero, pomwe kutero kumawonjezera ngozi, chifukwa calcium wa m'chakudya amagwira oxalate m'matumbo momwemo nkutuluka naye ndi chimbudzi, calcium akasowa, oxalate uja amalowa m'magazi nkukathera ku impso. Choyenera kuchepetsa ndi zakudya za oxalate wambiri monga sipinachi, bonongwe, mtedza ndi tiyi wakuda wowirira, ndipo ndikuti kuchepetsa osati kusiyiratu, masamba ndi ofunika m'thupi ndipo kwa mabanja ambiri ndiwo zake ndi zomwezo. Mapiritsi a vitamin C amphamvu amene anthu amagula okha nawonso amasanduka oxalate. Kwa amene mwala wawo ndi wa uric acid nkhani imakhala pa nyama yofiira, chiwindi ndi zamkati, mowa, ngakhale tinsomba ting'onoting'ono tikachuluka.

Chinanso chokhudza ambiri kwathu kuno ndi ma ARV. Atazanavir, amene ena anapatsidwa mankhwala oyamba atasiya kugwira ntchito, amadziwika kuti akhoza kupanga miyala mu impso mwa anthu ena. Amene akumwa mankhwalawa ndipo wapezeka ndi mwala asasiye yekha ngakhale tsiku limodzi, akanene ku kiliniki kumene amalandira, iwo ndi amene angaone ngati nkoyenera kusintha. Ndipo munthu amene miyala ikungobwerabwera, kapena mwana wamng'ono akapezeka nayo, apemphe kuti ayezedwe calcium ndi uric acid m'magazi, chifukwa nthawi zina gwero limakhala tizigawo ting'onoting'ono ta pakhosi totchedwa parathyroid timene tikagwira ntchito mopyola timakweza calcium, ndipo zimenezo zimachizika.

Sikani yotsatira ya achimwene inaonetsa kuti impso yakumanzere yaphwa kutupa ndipo kanjira katseguka, koma kumanja anapezako kamwala kena ka mamilimita atatu kali phee mkati mwa impso. Adokotala anati kameneko sakakhudza, kakhoza kutuluka kokha kapena kukhala pomwepo, azibwera kudzajambulitsa chaka chilichonse. Anabwerera pamsewu, pano mu thiraki mumakhala chigubu cha malita asanu pambali pa mpando ndipo amaima kukodza ngakhale katundu akuchedwa, za mchere ndi zimene alamu akulimbana nawobe mpaka lero.